Kodi M'mabisiketi a Tobi Muli Chiyani?

Lolemba, 12 Malichi 1934

Dona apita ku Limbe, ati akachotsetse dzino, abwera Sande. Bwana ali ku fakitale kuyambira m'mawa, tiyi wachuluka ndi mvulayi, sakukumbuka n'komwe kuti ali ndi galu. Ine khukhi ndatsala ndi galuyo, Tobi, ndi chitini chachikulu chofiira chochokera ku Mangalande. M'katimo muli mabisiketi a galu. Galu kumugulira mabisiketi! Lamulo la Dona: awiri m'mawa, awiri madzulo, china chilichonse ayi.

Tsono vuto ndi ili. Zaka khumi ndi ziwiri ndili m'khitchini, sindinaperekepo chakudya chimene sindinalawe. Kwathu ngakhale thobwa la mlendo umayamba wamwako, aone kuti mulibe kanthu. Dzanja linangozolowera. Ndabenthula kangodya, ndaponya m'kamwa, ndatafuna. Kolimba ngati njerwa, koma kokoma ndithu. Nditameza m'pamene ndamva kafungo ka nyama kukhosi.

Nyama yanji?

Mayo ine! Loweruka lino ndikubatizidwa ku mishoni ku Makwasa. Zaka ziwiri m'kalasi! Zimene ndasiya:

nkhumba
mbewa
mlamba
fodya wa m'mphuno
tiyi, ine wokhala pakati pa minda ya tiyi

Abusa asanakulowetse m'madzi amafunsa pamaso pa anthu ngati wasiyadi zodetsa. Ngati m'bisiketimu muli nkhumba, basi ndatha, ndibwerera m'kalasi chaka china. Ndili ndi masiku anayi oti ndidziwe zoona zake. Ndifufuza mwadongosolo.

Tobi wanunkhiza ake, wandiyang'ana, wachokapo. Akudziwa kanthu galu ameneyu.

Lachiwiri, 13 Malichi

Ndikuyamba ndi chitini chenichenicho. Ndatsitsa zitini zonse za Dona, ndazindandalika pa tebulo. Cha nsomba, ajambulapo nsomba. Cha nyama ya ng'ombe, mutu wa ng'ombe. Cha mapichesi, mapichesi. Cha Tobi, galu wonenepa, akuseka.

Ndakhala pansi kaye.

Masana ndasenza chitini mpaka ku ofesi kwa akalaliki, a Chimenya, amene amawerenga Chingerezi ngakhale cha timalemba tating'ono. Avala mandala, achitembenuza kanayi. "Ati muli ufa wa tirigu, nyama yabwino, ndi zina zopatsa mphamvu." Ndafunsa nyama yabwinoyo ndiye iti. "Sanalembe." Nanga zinazo? "Zinazo ndi zina basi, a khukhi."

Asa! Munthu akaphika nkhuku amanena kuti ndaphika nkhuku. Wobisa dzina la ndiwo alipo chimene akuopa. Ndiponso chinthu chawoloka nyanja miyezi iwiri, chakwera sitima ya pamtunda, osawola, osachita nkhungu, ngakhale nyerere sizikuchifuna. Nyama yolongosoka siichita zimenezo.

A Chimenya apempha bisiketi imodzi, ati ya galu wawo. A Chimenya alibe galu.

Lachitatu, 14 Malichi

Mayeso a madzi. Khukhi aliyense amadziwa: mafuta a nkhumba akazizira amayera, a ng'ombe amachita chikasu. Ndaviika mabisiketi awiri m'madzi otentha, ndadikira. Chatuluka chiphala chotuwa, pamwamba timadontho ta mafuta. Oyera ayi, achikasu ayi. Ngakhale mafuta ake ndi achinyengo!

Muli tinthu tofiira. Ndatola kamodzi ndi foloko, ndakaika palilime kuti ndidziwe. Kenako kachiwiri, poti koyambako ndinali ndisanakonzeke.

Zimene ndapezamo mpaka pano:

tirigu, ndavomera
mchere
fupa lopera, likumveka ngati mchenga m'mano
tinthu tofiira tija
kafungo kaja

Chiphala chotsala ndapatsa nkhuku, zaseteka mbale. Koma nkhuku si mboni, zimadya ndi mphemvu zomwe.

Tobi sanadye kuyambira Lolemba. Wagona pakhomo la khitchini, akundiyang'ana ngati ndine ndinapanga mabisiketiwo. Chisoni chandigwira, ndamupatsa mkute ndi mafupa a supu ya Bwana. Wadya mpaka kunyambita pansi. Dona asamve.

Kunyumba akazi anga, amake Rute, ati, "Bwanji osangopita kwa abusa kukanena kuti munalawa mosadziwa?" Iwo anabatizidwa kale, n'chifukwa chake akuyankhula mopepuka chonchi. Ndipite ndikanene kuti ndadya chiyani? Za galu? Munthu umapita kwa abusa utadziwa dzina la tchimo lako.

Lachinayi, 15 Malichi

Nzeru yabwera ndikusenda mbatata: nkhumba amaidziwa ndi wodya nkhumba. A Makwinja, kapitao wa othyola tiyi, amaweta zisanu kuseri kwa nyumba yawo, ndipo sanayambe apondako ku Makwasa. Ndawaitanira kuseri kwa khitchini, ndawayalira thumba, ndatsegula chitini.

Yoyamba: "Iyi yapita msanga, sindinaimve."
Yachiwiri: "Ikubwera, ikubwera."
Yachisanu: apempha tiyi wa shuga, ati lilime lauma.
Yachisanu ndi chitatu: atsinzina, agwedeza mutu. "Mwina nkhumba. Mwina bulu."

Bulu! Za bulu ndinali ndisanaganizeko. Naye ndi wodetsedwa!

"Nkhumba ya ku Mangalande imadya zachizungu, a khukhi, n'zovuta kuizindikira payokha. Mawa ndibweretsa yathu, tiyerekeze." Aponya anayi m'thumba la jekete, ati akalawe bwino kunyumba kopanda phokoso.

Chitini chafika pakati. Ine lero atatu, koma si kudya ayi, n'kufufuza.

Ndikuwakayikira a Makwinja. Ndikuwakayikira a Chimenya, abweranso, ati galu wawo uja wakonda. Ndikumukayikira mzungu amene anajambula galu woseka. Ndi Dona omwe ndikuwakayikira. Dzino lanji lotenga masiku asanu ndi awiri?

Lachisanu, 16 Malichi

Tsiku lokonzekera. Dzuwa likalowa Sabata layamba, ndiye nkhaniyi ithe masana ano. Amake Rute achapa malaya anga oyera, akusita, akuimba.

A Makwinja afika ndi kanthuli ka nkhumba kowotcha patsamba la nthochi, kakadali kotentha. "Kununkhiza si tchimo," atero. Ndakumbukira maphunziro onse a m'kalasi. Zoonadi, za mphuno sananenepo.

Ndanunkhiza nkhumba. Ndanunkhiza bisiketi. Nkhumba. Bisiketi. Mphuno yasokonezeka, zonse zikungonunkha utsi.

"Mphuno imanama, khukhi ndi lilime," atero a Makwinja. Mawu anga omwe amenewo, ndimawanena tsiku ndi tsiku! Ndati ndingogunditsa nsonga ya lilime, basi. Koma dzanja lija, lozolowera lija.

Ndatafuna. Ndameza.

Ndipo pomwepo ndadziwa, popanda kukayika kulikonse: m'mabisiketi a Tobi MULIBE nkhumba! N'kutalitali! Ndi ng'ombe chabe, ng'ombe yokalamba ya pangolo. Zaka ziwiri zinandiiwalitsa kakomedwe ka nkhumba, koma lero lilime lakumbuka zonse. Ndalumpha, ndawomba m'manja, ndawagwira chanza a Makwinja kawiri. Ndapulumuka! Ndathamanga kudutsa m'munda wa tiyi, epuloni ili m'chiuno, kukawauza amake Rute.

Amvetsera mpaka kumapeto. Aika simbi pansi.

"Tsono mwadziwa bwanji, abambo?"

Ndakhala pamtondo. Mafuta akadali pamlomo.

Loweruka, Sabata, 17 Malichi

Ulendo wa ku Makwasa, wapansi, malaya oyera. Panjira ndakonza mayankho atatu:

sindinadye, ndinalawa
kanali kakang'ono ngati chala
anandinyenga a Makwinja

Kumtsinje anthu adzaza, nyimbo zikumveka mpaka kutsidya. Tili pamzera, ine wachisanu ndi chiwiri. Amake Rute aima pamwala, nsalu yondipukutira ili m'manja.

"Kodi mwasiya zodetsa zonse?" afunsa abusa.

Mayankho onse atatu athawa. "Ndadya nkhumba dzulo, abusa."

Abusa andiyang'anitsitsa.

"Mwangozi?"

"Ayi, pofufuza."

Ndafotokoza zonse, kuyambira chitini chofiira mpaka tsamba la nthochi. Mkulu wa mpingo wina wayamba kutsokomola, wina wabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Abusa okha sanaseke. "Ya Lolemba ija munalawa mosadziwa. Mukadabwera, ndikadati pitani mumtendere. Koma ya dzuloyi, mbale wanga, munaidziwa ndi dzina lomwe."

Chaka china m'kalasi.

Anzanga abwera onyowa, akuimba. Ine ndabwera wouma, malaya osakwinyika n'komwe. Amake Rute apinda nsalu ija, aiika m'dengu, sananene kuti ndinakuuzani. Ndisaname, pofika m'munda wa tiyi ndalira.

Sande, 18 Malichi

Dona afika, tsaya lotupa. Dzino linalidi dzino.

Atsegula chitini: atsala awiri ndi zinyenyeswa. Ayang'ana Tobi, wanenepa ndi mkute, ubweya ukuchita kuwala. Akondwa! Ati aona tsopano kuti chakudya cha kwawo ndi chakudya, alembera sitolo ya ku Limbe itumize zitini zina zitatu. A Chimenya ndi a Makwinja amva kale. Aliyense wandipatsa moni kawiri lero.

Amati safunsa anadya phula. Ine wofunsafunsa ndadya nkhumba. Bola phula, silinaletsedwe.

Madzulo ndaika awiri otsalawo m'mbale ya Tobi. Wanunkhiza, wandiyang'ana, wachokapo. Ndatola imodzi, ndakhala pakhonde la khitchini, ndikudya pang'onopang'ono. Pa esiteti yonse ino, chakudya chimene ndikudziwa bwinobwino kuti mulibe nkhumba ndi chokhachi.

Kalasi iyambanso Lachitatu.