Makutu Akufa a M'dzenje la Mfumu Nkhawa

Kuseri kwa mapiri amene mitambo imapumirapo kuli dziko la Nong'onezani, kumene ngakhale atambala amalira chamumtima. Kalelo, Wolemekezeka Mfumu Nkhawa, Chishango cha Fuko, adakumbitsa dzenje lakuya la zitseko zachitsulo loti adzabisalemo tsiku lodzagwa bomba lopsereza dziko, poti chakudza sichiimba ng'oma. Bombalo litachedwa, mfumu idati dzenje lisakhale chabe. Idadzazamo makina omvetsera, n'kubisa timakutu tawaya m'mitondo, m'mitsamiro, mpaka m'zisa za nkhuku. Nkhawa atatsikira kulichete, wolowa m'malo mwake, Mfumu Zidapita, adalamula kuti dzenjelo likhale nyumba yoonetsera zakale, ana aziona mmene makolo awo ankavutikira.

Komabe anthu sadaleke kunong'ona, ndipo mnyamata wina, Nenani, zidamukulira. Mtima wake udali pa Tiyankhenji, mwana wa wosoka nsapato, koma pomufunsira padalibe. Kumsika maso, kuchitsime maso, chonsecho mawa lake namwaliyo ankanyamuka kukakhala kwa azakhali ake kutsidya kwa mapiri. Tsono Nenani adaganiza: malo okhawo amene boma lidalengeza poyera kuti makutu ake adafa ndi m'dzenje muja. Adamutengera komweko.

"Alendo athu olemekezeka," adatero Bambo Tsimikizani, woonetsa malowo, akusisita khutu lamkuwa lalikulu ngati lichero, "taonani nkhanza zamakedzana. Makutu onsewa adafa pamodzi ndi mwiniwake. Lero tili pa ufulu. Tsokomolani mmene mungafunire!"

Alendo ena atapitirira, Nenani adatsalira ndi namwaliyo m'chipinda cha khutu lija, pansi penipeni. Adakumbuka kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna, nayamba kunong'ona: "Tiyankhenji, mwezi wanga, ine kudya ndidaleka, tulo sindituona. Usapite. Ndikufuna iwe ukhale..."

"Kwezani mawu pang'ono, achimwene," lidatero khutu lamkuwa lija mwaulemu. "Kuno sitikumva bwino."

Nenani adauma ngati chitsa. Tiyankhenji adaweramitsa mutu, akujambula pansi ndi chala chakuphazi.

"Nanunso achemwali, musamuzunze mwana wa eni," khutulo lidapitiriza. "Si inu mudauza mtsamiro wanu dzana lomweli kuti akangofunsa mudzavomera? Yankhani msanga, ife tiweruke."

Kwa azakhali Tiyankhenji sadapiteko. Ukwati wawo udakoma kwabasi, ndipo amayi a m'mudzimo adaimba nthungululu tsiku lonse, monong'ona.