Chindongwa cha ku Chikale

Mpaka lero zimandiwawa, anzanga. Chaka chomwe ndinabwerako ku sekondale, matenda otsegula m'mimba anagwa ku Chikale. A Chirwa, a zaumoyo a kuchipatala, anafuna mtsikana wophunzira woti azifunsa amayi m'makomo, poti za m'mimba mayi sangauze mwamuna. Anati ndikaigwira bwino andilemba ntchito. Mafunso ake anali osavuta: wadwala ndani, anayamba liti, anadya chiyani, madzi amatunga kuti.

Koma palibe anandichenjeza za chindongwa, thobwa lathu la kuno. Khomo loyamba, ndisanatsegule pakamwa, chikho chafika kale, mayi atagwada. Ine wamanyazi, woti amayi anandiphunzitsa kuti kukana chakumwa n'kunena mwini nyumba kuti ndi mfiti, ndikanatani? Ndinamwa. Khomo lachiwiri ndinamwa. Pofika kumapeto kwa mudzi ndinkayenda ngati mtsuko.

M'mawa mwake ndikulowa mumsika, amayi ogulitsa usipa akuphimba malichero.

"Ndi uyu! Nyumba iliyonse imene walowa muli wodwala!" anakuwa Ama Nyabanda a ku Chikale, akundiloza chala.

Tamvani zimenezo! Ndinalowamo chifukwa munali wodwala kale! Kodi ntchentche ndi imene imabweretsa chilonda?

A Chirwa anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango kuti ndifotokoze zomwe ndinapeza, dzina langa liyere. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi. Nditangoti "Ada ndi ama," m'mimba munalira ngati sitima ikufika padoko. Ndinayesa kupitiriza. Munaliranso. Ndinathawa anthu onse akuona, nsapato imodzi n'kutsala pomwepo.

Ama Nyabanda, omwe aja anayamba kundiloza chala, ananditsatira ndi nsalu yawo, naima pakhomo pa chimbudzi kuthamangitsa ana. Chimenecho sindidzaiwala.

Koma a Chirwa! M'malo mondimvera chisoni, anaima kuseri kwa mpanda wa udzu n'kumafuula mosangalala.

"Mwana wanga, iwe sukhala ku Chikale, ndipo kwanu kulibe wodwala. Unadyako chiyani kumeneko?"

"Chindongwa chokha, ada," ndinayankha ndili m'katimo.

"Ama, chindongwa mumasungunula ndi madzi a kuti?"

"A pachitsime cha kumunsi," anatero Ama Nyabanda. "Osaphitsa. Kodi amaphitsanso?"

"Basi! Tachipeza!"

Mafunso anga onse aja sanathandize kanthu, umboni unali mimba yanga. Chitsime anachitseka, matenda anachepa, ntchito anandilemba. A Chirwa ankauza aliyense wobwera kuchipatala momwe anachipezera, ine ndili pomwepo, osasiyako ngakhale za nsapato. Ndipo dzina langa lenileni linathera pamenepo, tauni yonse mpaka padoko ndine Nyachindongwa.

Tsopano ndikalowa m'nyumba ya wodwala, mayi agwade mpaka mawondo atupe, anditche wamwano, anditche mzungu, chikho sindichikhudza.