Ndilembe Chipambano Chiti pa Chiliza?

Olemekezeka a Nduna ya Zachitetezo,

Pepani kukusokonezani m'masiku a chikondwerero ano. Ndine wokonza mawotchi chabe, sukulu ndinalekezera fomu thuu.

Lachiwiri lija ine ndi mayi akunyumba tinakangana pang'ono za babu la m'khichini lomwe ndinkangolonjeza kusintha. Anandiseka kuti wokonza mawotchi sadziwa nthawi, kenako ananyamula dengu n'kupita kumsika wa kutsidya. Masana asilikali athu anaphulitsa mlatho kuti adani asawoloke. Mayi akunyumba aja anali pakati pa mlathowo, akubwerera.

Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mtsutso wa pa kanema. Mkulu wa asilikali akuti tinapambana tsiku lomwelo, pakuti mdani sanawoloke. Inu mukuti ayi, za tsiku limodzi n'zazing'ono. Ngakhale tinataya maboma onse akutsidya, tinapambana pa cholinga chachikulu chomwe chidzaoneke m'tsogolo. Sindinkadziwa kuti zipambano zatichulukira mpaka kumakanganirana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mapu amene munaonetsa pa kanemapo. Kandodo kanu kolozera kanadutsa pamlatho paja kangapo osagunda munthu ngakhale mmodzi. Mapu aukhondo chotere sindinawaonepo.

Chachitatu, munafotokoza kuti kuchenjeza oyenda pansi kukanaulula chinsinsi kwa mdani. Chinsinsicho chinasungidwa bwino ndithu. Mkazi wanga sanachimve.

Vuto langa n'laling'ono, bwana. Mmisiri wa ziliza akudikira mawu oti alembe pansi pa dzina. Mwana wathu wamkazi akufuna tilembe kuti anaphedwa ndi asilikali a kwawo, ndipo sakundilankhula chifukwa ndakana. Ndamuuza kuti mayi ake anafera chipambano. Wandifunsa kuti chiti.

Zovala za malemuwo ndinazitsekera m'sutikesi miyezi yambiri. Sabata yatha ndinakazipereka kusukulu komwe kukugona anthu othawa chipambano chanu. Nsapato zinakwana mayi wina amene anafika mapazi ali pamtunda. Ndinayang'ana kumbali pamene ankazivala.

Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mukagwirizana ndi mkulu wa asilikali uja, mundilembere mzere umodzi: mkazi wanga anafera chipambano cha tsikulo kapena cha m'tsogolocho? Ngati anafera zonse ziwiri, mundiuzenso, ndigule mwala wokulirapo.

Musadzipanikize, Olemekezeka. Wofulumira ndi mmisiri yekha. Mwini chilizacho sapita kulikonse.

Ine wanu womvera nthawi zonse,
Wokonza mawotchi wa tsidya lomwe linatsala