Nyali Yobiriwira ya a Tayi

Inu, tamverani, poti basi ikuchedwa, ndikuuzeni mmene nyali imodzi inatilanda ntchito ofesi yonse.

Ndinkagwira ntchito pa kakampani kolemba mapulogalamu a kompyuta. Kasitomala tinali naye mmodzi yekha, kampani ya mabasi imene inkafuna kuti anthu azigula matikiti pafoni. Tinkadziwa tonse kuti akatithawa ameneyo, tikakhala kunyumba. Abwana athu tinkawatchula kuti a Tayi, chifukwa tayi ankamanga ngakhale Loweruka, koma pa kompyuta ankadziwapo poyatsira pokha.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku semina atanyamula nyali. Akuti makampani akuluakulu amatero. Nzeru yake, kunena chilungamo, inali yabwino. Aliyense akalemba kachigawo kake azikatumiza tsiku lomwelo, kalumikizidwe ndi ntchito ya anzake, kenako kompyuta iyese pulogalamu yonse. Zikayenda, nyali iyake yobiriwira. Wina akaphwanya kanthu, iyake yofiira, mukonze vutolo likadali laling'ono. Masiku oyambirira inatigwiriradi zolakwika zambiri zimene tikanazitulukira mochedwa.

Koma a Tayi anaipachika pamwamba pa chitseko, poonekera alendo. Mkulu wa mabasi atabwera kudzationa, anaipeza ili psuu.

"Imeneyi ikutanthauza chiyani?" anafunsa.

"Ikusonyeza kuti anyamata ali kalikiliki," anayankha a Tayi, thukuta lili kamukamu.

Mlendo atangotuluka, lamulo linagwa. Wofiiritsa nyali azitsuka makapu a ofesi yonse, ndipo azivala chipewa cha pepala mpaka poweruka. Inu, munthu wa ndevu zake, wa ana ake kunyumba, chipewa cha pepala. Ine ndinachivalapo, mlamu wanga n'kundipeza nacho. Mpaka lero amandifunsa ngati ndinakwezedwa pantchito.

Ndiye tinachenjera, kuchenjera kwa zitsiru. Aliyense anayamba kubisa ntchito yake mu kompyuta mwake, osatumiza. Nyali inabiriwira masabata ambirimbiri chifukwa panalibe choti iyese. A Tayi ankaima pansi pake n'kumajambulitsa.

Tsiku lopereka ntchito litayandikira, tonse tinatumiza nthawi imodzi. Zigawo zinagundana ngati mbuzi pakhomo la khola. Nyali inafiira osasintha. Tinakonza, tinakonza, mpaka mayeso onse anadutsa kupatula amodzi, oona kuti mpando umodzi usagulitsidwe kwa anthu awiri. Amene tinamutuma kukanena kwa a Tayi anali mnzathu wamkazi amene tinkamutchula kuti Mahedifoni, poti sankaopa munthu kwenikweni.

"Bwana, mayeso a mipando akukana."

"Akukana ndani?"

"Akukana pulogalamu yathu."

"Anawalemba ndani mayesowo?"

"Ife tomwe, bwana."

"Ndiye mukulola chinthu cholemba nokha chizikukanani? Afufuteni."

"Koma bwana, mipando ija..."

"Achemwali, mukufuna chipewa?"

Mahedifoni anayang'ana chipewa, anatiyang'ana ife, ife tinayang'ana pansi. Anawafufuta. Nyali inabiriwira, a Tayi n'kudziwombera m'manja okha.

Tsiku lotsegulira pulogalamuyo tonse tinali kudepoti. A Tayi, pofuna kuonetsa, anagulira apongozi awo aakazi tikiti pafoni pamaso pa mkulu wa mabasi, mpando wakutsogolo wa pawindo. Anawanyamulira chikwama n'kuwakweza mwaulemu wonse. Pampandopo anapeza pakhala kale bambo wina wojintcha, akuonetsa tikiti yake pafoni. Pakhomo panali mayi wa mwana kumsana, msilikali ndi abusa, ndipo panja mzere unali utakhota, aliyense akuloza mpando womwewo. Munthu aliyense anasankha mpando wabwinowo, ndipo pulogalamu yathu, mwa kukoma mtima kwake, sinakanize aliyense. Basi yonse mipando ili mbee, anthu akukokana makolala pa mpando umodzi.

"Akamwini," anatero apongozi mofatsa, "ine ndikhale pamiyendo pa ndani?"

A Tayi anatulutsa foni n'kuonetsa mkulu wa mabasi chithunzi cha nyali ija.

"Koma kuofesi n'kobiriwira, bwana."

"Ndiye anthuwa akakwere nyaliyo," anatero mkuluyo, n'kutembenuka.

Ndinakwiya, inu, moti mpaka lero ndikaona tayi mtima umandiwawa. Chinthu chinkatiuza zoona tsiku ndi tsiku, munthu wamkulu n'kuchitseka pakamwa kuti chisamuchititse manyazi.

Kasitomala anapita, ofesi inatsekedwa. Tsiku lomaliza ndinapita kukatenga kapu yanga. Matebulo anali atatulutsidwa kale, chipewa cha pepala chili pansi, kwangotsala kompyuta yoyesa ija pakona. Pamwamba pa chitseko nyali inali ikuyakabe yobiriwira bwinobwino, poti munalibenso munthu woti aphwanye kanthu.