Kompyuta ya m'chigafa cha fodya

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama aimirire pano andiuze kuti anayamba kujambula nyimbo ku Chiosya kuno ndani ngati si ine. Ndipo inu akamwini, amene mwabwera ndi sipanala m'thumba kudzamasula batire langa kuti mukaonere mpira, khalani pansi apo mumve kaye chimene batirelo likusunga. Mmenemo muli mawu a apongozi anu, a Najere, mayi a ana anga.

Zinali zaka zija matipate atakhazikika, kwaya iliyonse ikuthamangira ku Lilongwe kukajambulitsa kaseti. A Najere ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi pa tchalitchi chathu, ndipo pali Mulungu, akaiyamba nyimbo ng'ombe zinkasiya kudya kudambo. Tsiku lina akusenda mtedza pakhonde anati, “Bambo, ine ndidzafa osadzimvako ndikuimba.” Zinandipweteka mumtima. Ndinati Lilongwe wa chiyani, situdiyo ndimanga pakhomo pano.

Kompyuta ndinakaitenga ku Chipata kwa mkulu wina wokonza mawailesi, yachikalekale, chimutu chake ngati thumba la chimanga, ndipo nditaimangirira pakaliyala njinga inadzuka n'kuyenda ndi tayala lakumbuyo lokha mpaka paboda, moti apolisi anandichitira sawatcha poyesa kuti kukubwera bwana pa hatchi. Mukumva? Maikolofoni ndinapanga ndekha ndi kasipika ka wailesi yakufa ndi chitini cha mafuta ophikira, koma inali ndi khutu loopsa, chifukwa tsiku loyesa inatola phokoso la mtedza ukukhwima pansi pa nthaka, inatola miseche ya pamsika wa kuboma, inatolanso mkonono wa mkulu wa mpingo amene ankati wadzitsekera m'nyumba kupemphera. Kuti nditseke zonsezo ndinasamutsira situdiyo m'chigafa cha fodya n'kuzinga mabelo mbali zonse, ndipo munakhala zii moti ukalankhula mawu ankagwera pamapazi pako, kuchita kuwerama kuwatola.

Zonsezo zinali zopepuka. Amene anandiyeretsa mutuwu ndi amayi a kwaya.

Ndinawauza bwinobwino kuti pojambula munthu amaima chilili, pakamwa pokha ndiye pamagwira ntchito. Anavomera ndi ulemu wonse, mpaka kuwomba m'manja. Koma mayi wa kuno mwendo wake suyembekeza chilolezo, ndiye a Najere atangoiponya nyimbo onse anaponda pansi kamodzi, kompyuta inadumpha patebulo, thi, yazima. Ndinaiyatsanso, anapondanso, yazimanso. Ndinawakhazika pamphasa, anavina chokhala mphasa n'kuyenda nawo mpaka pakhomo. Ndinawakwirira miyendo mumchenga mpaka m'mawondo, inde ine amene, anavina ndi mchenga womwewo, nthaka yonse n'kugwedezeka, chigafa chathunthu n'kusuntha kukaima m'munda mwa eni ake, moti ndinakachibweza ndi ng'ombe za ngolo. Ndinakalipa mpaka mawu kundithera. A Najere anangosasa chitenje n'kunena kuti, “Bambo, nyimbo ya Mulungu yopanda mwendo ndi maliro. Konzani chinthu chanucho, ife musatikonze.”

Ndinakwiya, koma nditayang'ana m'mwamba nzeru zinabwera. Fodya sitiyanika pansi ife. Ndinatenga luzi, n'kuimanga kompyuta ija, n'kuipachika pamikangala pakati pa masamba kuti izilendewera, pansi pagwedezeke mmene pangathere. Zinatheka! Koma chinthucho chinayamba kuuma limodzi ndi fodya, chinasanduka chofiirira, wogula fodya wina wa ku Zambia anachitsina n'kunena kuti ndi giredi yapamwamba, ndipo choipitsitsa chinaphunzira kusuta, moti m'mawa chinkakana kuyaka mpaka nditachipemerera utsi wa chingambwe kumbuyo kwake, chikatero chitsokomole kaye ngati nkhalamba, kenako galasi liwale. Ine munthu wosasuta, mkulu wa bambo mumpingo, ndinkayatsa chingambwe chifukwa cha makina. Mukumva mavuto amene ndinaona?

Tsiku lenileni linafika. Amayi anavina mpaka fumbi kutulukira kudenga, a Najere anakweza mawu udzu wa chigafa n'kuima njo, mabelo n'kumasuka okha, kompyuta ikulendewera uku ndi uku ngati nayonso ili mukwaya, ndipo nyimbo yonse inalowa, ndinaiona ndi maso angawa ikulowa, osatsalako ngakhale ameni. Ndinadina batani loti isunge. Pagalasi panabwera kamzere kobiriwira n'kuyamba kukwawa, kompyuta n'kunena kuti tidikire.

Tinadikira. Amayi anamva njala n'kubalalika. Fodya uja tinagulitsa, tinafesa wina, mvula inabwera n'kupita, boma linasintha, inu akamwini munadzafunsira mbeta n'kubereka ana, kamzere kakukwawabe. Ndinagula kasola n'kukaika padenga kuti batire lisafe ngakhale kamphindi, chifukwa likangozima nyimbo yapita. M'mawa uliwonse a Najere pochokera kumjigo ankasuzumira m'chigafa ndowa ili pamutu n'kufunsa kuti, “Yatuluka?” Ine ndinkati, “Mawa.” Iwo ankaseka n'kumapita.

Dzinja lapitali tinakawaika m'manda. Bokosi munanyamula nawo, simungakane. Anapita osadzimva akuimba, monga ananenera pakhonde paja, ndipo zimenezo zimandidya tsiku ndi tsiku.

Ndiye lero mukubwera ndi nzeru za aphunzitsi anu a kuboma, akuti chinthucho chinauma kalekale, kamzereko sikayenda. Bodza lenileni! Ndinalemba chizindikiro ndi khala pagalasi, ndipo kadutsapo ndi katsitsi kamodzi, amene ali ndi maso akaone. Lero m'mawa nditaipemerera utsi kompyutayo ndinagunditsa khutu pambali pake, ndipo ndinawamva a Najere akukonza kukhosi, monga ankachitira akafuna kuiyamba.

Mpira wanuwo kaonereni kwina. Sipanalayo ibwerere m'thumba, ndipo batire ilo munthu asalikhudze ine ndili moyo. Nyimbo ija ituluka mawa.