Sitima inandithawitsila apongozi

Monile mose a pa gulupu! Ikani foni pa chaja, khalani pansi, mumve mmene chimanga chimodzi chinatsala pang'ono kundiphela banja.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ija tinkaima pamzele kufuna sopo. Ine kamnyamata ka ku Magodi, nditangokwatila kumene. Mkazi wanga anakachilila kwa achimwene ake ku Kabwe, mwana wathu woyamba. Akulu anati, "Iwe, tenga apongozi ako ukawafikitse. Ukatitayila munthu, usabwele."

Mukudziwa kwathu, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndipo kudya pamaso pao ndiye mlandu. Mu basi kuchoka pa boma mpaka Lusaka zinayenda bwino, iwo kutsogolo, ine kumbuyo ndi nkhuku za anthu.

Pa Lusaka tinakwela sitima (njanji ndinali ndisanaionepo, kwathu tinkangodziwa njinga ndi basi). Kulowa mkati, mayo ine! Mipando yoyang'anizana! Malo otsala anali awili okha, bondo langa apa, bondo la apongozi apa. Amene anapanga sitima analibe apongozi, ndikulumbila.

Ndinayang'ana pa windo mpaka khosi kuuma. Njala nayo, mimba ikulila ngati thilakitala. Apongozi anamasula kansalu ka nshawa zokazinga nkuuza mayi wina pambali, "Auzeni adada awa atapeko."

"Auzeni ndakhuta, yewo chomene," ndinayankha ndikuyang'ana denga. Bodza!

Sitima itaima pa kasiteshoni kena, ndinaona azimayi akuocha chimanga. Ndinatsika, kugula, nkukabisala kuseli kwa nyumba kuti apongozi asandione ndikutafuna. Sitima itakuwa, sindinatekeseke. Basi ya kwathu imaliza hutala, kondakitala nkufuula, "Wa jekete yofiila ali kuti?" Mpaka kukutsata kuchimbudzi. Ndinati nayonso itelo.

Kusuzumila, sitima ikuyenda! Ndinathamanga, chimanga kukamwa, ndikumenya mbali mwake ngati lole. "Imani! Muli apongozi anga!"

Bambo wa mbendela anangoti, "Mwana, iyi siima chifukwa cha apongozi."

Kugwila m'thumba, matikiti onse awili ali ndi ine. Apongozi, mayi woti Kabwe sakuidziwa, Chibemba sakumva. Ndinakhala pa njanji nkulila (inde, chimanga ndinamaliza, musafunse).

Lole ya makala ndiyo inandifikitsa, ndili bii ngati poto. Panjila ndinkangokonza mau okasiyila banja.

Kufika kwa alamu, ndinapeza apongozi ali phee pa mphasa, khanda pa miyendo. Akuti woona matikiti atabwela anamuuza, "Ali ndi mkamwini wanga, anatsika kukandilemekeza." Chipinda chonse chinaseka, woona matikiti nkuwaleka, ndipo mayi wa pambali uja anawapelekeza mpaka pakhomo.

Ndinagwada panja. Mkazi wanga anatuluka ndi mbale, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Amama akuti mulowe. Akuti kuyambila lelo muzidya pamaso pao, chifukwa ulemu wanu umasowetsa anthu."

Ndinadya, anzanga, iwo akundiyang'ana mpaka mbale kuyela. Mpaka lelo ku Magodi mkamwini wodya ndi apongozi ndine ndekha, ndipo sindidandaula, ankandipatulila chiwindi.

Nanga inu, bondo ndi bondo ndi apongozi, mimba ikulila, mukanatapa nshawa zija kapena mukanatsika?