Mdala Amene Ankanyambita Makoma

Apongozi anga ankanyambita makoma. Ndanena poyambirira kuti mumve kwa ine mkamwini wawo, chifukwa ena akamafotokoza amakokomeza ngati mdalayo ankadya njerwa. Sankanyambita khoma lililonse ayi. Akafika pa nyumba yakale ankavula chipewa, n'kukanda khoma ndi chikhadabo, n'kuika pa lilime maso atatsinzina. Kenako chigamulo chinkatuluka: "Laimu uyu. Mchenga wa kumtsinje. Amene anamanga pano anali wamanzere." Tauni yonse inkawatchula kuti a Kalawe, ndipo iwo ankavomera dzinalo ndi mtima wonse.

Nditangokwatira mwana wawo, anabwera kudzaona nyumba imene tinkakhala. Ine ndinali nditavala taye, ndikuyembekeza mafunso okhudza khalidwe langa. Mdala anandidutsa ngati mtengo, n'kulunjika pakona pa chipinda chochezera.

"Bambo ake, mwayambanso?" anatero apongozi aakazi. "Pamaso pa mkamwini?"

"Taimani, mayi." Analawa, n'kulavula mu mpango. "Mnyamatayu ndi wabwino, koma nyumbayi ndi yabodza. Musamuke mvula isanagwe."

Tinasamuka, ndipo nyumbayo inagwadi. Ngakhale atagonekedwa m'chipatala, namwino anawapeza ali chilili pakhonde, botolo la diripi m'manja, lilime lili pakhoma.

"Agogo, mukutani?"

"Ndikuona ngati pano ndi pabwino kuferapo, mwana wanga. Ayi ndithu, anamanga bwino."

Koma mtima wawo wonse unali pa holo yakale ya pakati pa tauni. Bambo awo anali mmodzi wa amisiri amene anaimanga: njerwa zofiira zomatidwa ndi laimu, mawindo aatali kuposa munthu, makomo okhota pamwamba ngati uta, pansi pa matabwa polira munthu akaponda. Tonse tinalembera mayeso mmenemo, ambiri tinavinira ukwati mmenemo. A Kalawe anaisamala zaka makumi anayi. Mvula ikatha ankasakaniza laimu mumgolo n'kumata paliponse pamene pang'ambika, akuyankhula ndi khoma ngati namwino ndi wodwala.

Kenako kunabwera komiti yachitukuko, ndipo mlembi wake ndinali ine. Wapampando, mwini sitolo ya zitsulo, anali atayenda m'mizinda n'kubwerako maso atadzaza nyumba zamagalasi. Anati holoyo ikutichititsa manyazi. Pa msonkhano a Kalawe anaimirira, chipewa chili pachifuwa.

"A wapampando, khoma ili limapuma. Limamwa madzi nthawi ya mvula, n'kuwatulutsa dzuwa likawala. Mukalimata simenti ndi matailosi, madziwo atulukira kuti?"

"Madala, khoma lili ndi mphuno?" anatero wapampando.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Lilibe mphuno, bambo. Koma likafa mudzamva fungo."

Anasekanso. Itafika nthawi yokweza manja, ndinakweza langa pamodzi ndi anzanga. Ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndikuikira kumbuyo apongozi. Mdala anayang'ana dzanja langalo nthawi yaitali, n'kuvala chipewa.

Kontirakitala sanachedwe. Makomo okhota aja anawawongola, mawindo anawatseka theka n'kuikamo magalasi akuda. Matabwa a pansi anazulidwa, anthu n'kutola kukamangira makola a nkhuku. Kunja anamata simenti yokhuthala ndi penti yonyezimira, mkati matailosi mpaka m'chiuno. Kunena zoona, ine ndinaona ngati zakongola. Tsiku lotsegulira, a Kalawe anabwera atavala jekete. Achinyamata anawazungulira akufuula kuti, "Lawani, madala, lawani!" Mdala anakanda khoma, chikhadabo chinangoterereka. Anayesanso pena. Kenako anaika dzanja m'thumba n'kubwerera kwawo osadikira zakumwa.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudutsa msewu wa kuholo. Popita kumsika ankazungulira kuseri kwa sukulu, ulendo wautali kwa munthu woyendera ndodo. Ine sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ndikapita kukawaona ankandipatsa mpando wawo, n'kufunsa za adzukulu, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Anamwalira mvula yachiwiri itangotha, mwakachetechete, pa bedi lawo.

Chaka chotsatira penti inayamba kutupa matuza. Matailosi ankagwa okha pakati pa msonkhano, ndipo kumbuyo kwake njerwa zinali zitafewa moti chala chinkalowa. Fungo la chinyezi linkakulandira pakhomo. Lero holoyo ndi yotseka, khoma la kumadzulo alichirikiza ndi mitengo, ndipo maukwati amachitikira m'matenti pabwalo la mpira. Tauni yathu yakhala ya anthu aulemu okhaokha, oyenda molunjika, osaima pa nyumba ya munthu. Ndimawasowa apongozi anga, ndipo ndili ndi manyazi.

Mwezi watha kunabwera injiniya, mayi wodziwa za nyumba zakale. Anazungulira holo yonse, akugogoda apa ndi apo, ife a komiti tili pambuyo pake ngati ana olakwa.

"Ikhoza kupulumuka," anatero. "Tichotse simenti yonseyi, tibwezeretse laimu. Koma laimu wake akhale wofanana ndi wakaleyu, ndipo kasakanizidwe kake kamasiyana malo ndi malo. Alipo kuno amene akudziwa mmene ankachitira?"

Wapampando anatsokomola. Kenako mitu yonse inatembenukira kwa ine.

"Awa ndi akamwini awo a malemu a Kalawe, amene ankaisamala," anatero wina. "Anakhala nawo zaka makumi awiri ndi ziwiri."

Mayiyo anatulutsa cholembera, nkhope itawala. "Chonde bambo, ndiuzeni. Ankathira mchenga wochuluka bwanji? Laimuyo ankamuviika masiku angati?"

Ndinayang'ana cholemberacho chikudikira pamwamba pa pepala.

"Pepani mayi," ndinatero. "Sindinawafunsepo."